Makina Okanidwa Amene Anavinitsa Dziko

Kuyambira ku Kanyama mpaka ku Chimwemwe, kulibe komboni kumene dzuwa lingalowe osamva besi ikugunda. Imamveka m'minibasi, m'mabala, pa kantemba wokonza mafoni, ndipo pa Sondo imalowa m'chalichi kudzera pa kiyibodi. Koma mukafunsa kuti anaimba ng'oma m'nyimboyo ndani, kawirikawiri mudzapeza kuti kunalibe ng'oma, kunalibenso wa gitala. Kunali mnyamata mmodzi, laputopu ndi kacipinda ka lendi. Akuluakulu ena amene anakula akuvina mabandi a kalindula amati izi si nyimbo, ndi makina cabe. Acinyamata amayankha kuti dziko linasintha.

Mkangano umenewu sunayambe lero ndipo sunayambire kuno. Watha zaka zoposa 100. M'mbiri yake muli cinthu cimodzi cimene cimabwerezabwereza: anthu amene anapanga makina oimbira a magetsi kawirikawiri sanadziwe cimene makinawo adzakhala. Amene anawapezera nchito yeniyeni anali anthu ena, ambiri a iwo opanda ndalama, amene anawatola mtengo utagwa.

Limba lolemera matani 200

Tiyambire ku America. Mu 1897, loya wina wokonda zopangapanga, Thaddeus Cahill, analandira cikalata ca boma cotsimikiza kuti ndiye mwini wa makina ochedwa Telharmonium. Masiku amenewo kunalibe wailesi youlutsa nyimbo, kunalibenso cipangizo cokuzira mawu. Kuti nyimbo imveke patali, noti iliyonse inafunika magetsi akeake amphamvu. Conco Cahill anamanga majenereta ambirimbiri okhala ndi mawilo a mano. Wilo likazungulira, linali kutulutsa magetsi onjenjemera pa mlingo wa noti imodzi. Oimba anali kukhala pa kiyibodi, nyimbo n'kuyenda m'mawaya a foni kupita ku mahotela, kumalo odyera ndi ku nyumba za anthu amene analipira.

Mu 1906, makina aciwiri a mtunduwu, olemera matani pafupifupi 200, ananyamulidwa pa sitima kucoka ku Holyoke kupita ku New York, nakaikidwa m'nyumba ina mu msewu wa Broadway. Ganizo la Cahill ndi lomwe timaliona pa mafoni lero: lipira, nyimbo ikupeze kumene uli. Koma magetsi ake anali amphamvu kwambiri moti nyimbo inali kudumphira m'mawaya ena, anthu okambirana zamalonda pa foni n'kumamva limba likulira pakati pa nkhani yawo. Ndalama zoyendetsera makinawo zinaposa zimene zinali kulowa, ndipo pofika 1914 kampaniyo inali itagwa. Palibe anajambula kulira kwa Telharmonium, cotero palibe munthu wamoyo lero amene anaimvapo.

Coimbira cosakhudzidwa ndi manja

Cimene Cahill anasowa cinapezeka caka comweco ca 1906, pamene Lee de Forest anapanga valavu, kababu kagalasi kamene pambuyo pake kanathandiza kukuza magetsi ofooka. Ndi valavu, makina sanafunikenso kukula ngati fakitale.

Mu 1920, mumzinda wa Petrograd ku Russia, wasayansi wacinyamata Lev Termen anali kupanga cipangizo copimira mpweya. Anaona kuti akayandikitsa dzanja, kulira kwa cipangizoco kunali kukwera, akalicotsa n'kutsika. Thupi lake ndilo linali kusintha kayendedwe ka magetsi. Munthu wina akanati cipangizoco cawonongeka, koma Termen anali woimba cello, coimbira ca zingwe cofanana ndi vayolini wamkulu, ndiye anayamba kufunafuna manoti m'mwamba ndi dzanja. Apa m'pamene panabadwira theremin: bokosi lokhala ndi kamtengo kacitsulo koimirira kolamula kukwera ndi kutsika kwa noti, ndi kacitsulo kena kopindika kolamula kukula kwa mawu. Woimba sakhudza ciliconse.

Mu 1922 Termen anaionetsa kwa Lenin, ndipo cakumapeto kwa 1927 anafika nayo ku New York. Kampani ya RCA inayamba kuigulitsa mu 1929, ikumati aliyense angathe kuiimba. Sizinali zoona. Popanda mabatani kapena zingwe zokutsogolera, kupeza noti yolondola m'mwamba n'kovuta, ndipo ndi ocepa, monga Clara Rockmore, amene anaidziwadi. Caka comweco cuma ca America cinagwa, ndipo RCA inangopanga pafupifupi 500. Termen anabwerera kwawo mu 1938, anamangidwa, ndipo anakakamizidwa kupangira boma zipangizo zomvetserera anthu mobisa. Coimbira cake, cimene iye anafuna kuti ciziimba nyimbo zapamwamba m'maholo, cinakapeza nchito ku Hollywood, colira m'mafilimu a mizukwa ndi a zamoyo za kumwamba.

Wokonza mawochi ndi makwaya

Laurens Hammond wa ku Chicago anali wopanga mawochi a magetsi. Anatenga ganizo la mawilo a Cahill, nawacepetsa kufika pa ukulu wa ndalama yacitsulo, valavu n'kumakuza mawu ake. Mu 1935 anayamba kugulitsa limba la Hammond, akuloza machalichi amene sakanatha kugula limba lalikulu la mapaipi. Anafuna kuti lizimveka laulemu ndi lodekha.

Machalichi a anthu akuda a ku America ndiwo analisandutsa cinthu cina. M'manja mwa oimba awo, limbalo linayamba kubuula, kufuula ndi kuyankha mlaliki. Munthu wina, Don Leslie, anapanga sipika yozungulira mkati imene inali kupatsa mawuwo kunjenjemera kokoma. Hammond anadana nayo sipikayo ndipo sanafune kuti ogulitsa malimba ake aziigulitsa, koma oimba anaigulabe. M'zaka za m'ma 1950 Jimmy Smith analowa nalo limbalo mu jazi, kenaka linafalikira mu rock ndi mu reggae. Woimba kiyibodi wa pa chalichi canu akasankha mawu a limba onjenjemera aja pa nthawi ya pemphero, akutsanzira kulira kumene mwini wake wa limbalo sanakufune.

Kuumba mawu

Africa nayo ili ndi malo ake kuciyambi kwa mbiriyi. Mu 1944 ku Cairo, wophunzira zaulimi Halim El-Dabh anabwereka makina ojambulira mawu pa waya, najambula nyimbo za amayi pa mwambo wa zar wocotsa mizimu. Anakazisintha mu situdiyo ya wailesi, kucotsa mbali zina za mawu ndi kuwonjezera kuyankha kwa zipupa, mpaka zinakhala nyimbo yatsopano. Panapita zaka 4 Pierre Schaeffer asanacite zofanana ndi zimenezi ku Paris, ngakhale kuti mabuku ambiri amayambira pa iye.

Makina oyamba odziwika ndi dzina lakuti sinthesaiza anali a mayunivesite ndi makampani olemera. RCA Mark II ya mu 1957 inali kudzaza cipinda conse ku New York, ndipo wopeka nyimbo anali kuilamula poboola timabowo pa pepala lalitali. Amene anasintha zinthu ndi Robert Moog, amene anayamba kupanga matheremin ali mnyamata wa ku sekondale, n'kumagulitsa kuti apeze ndalama pamene anali kuphunzira. Mu 1964, m'tauni yaing'ono ya Trumansburg, iye ndi wopeka nyimbo Herbert Deutsch anamanga sinthesaiza ya mabokosi angapo olumikizidwa ndi mawaya.

Kagwiridwe kake ka nchito n'kosavuta kumva, ndipo ndi komweko kali m'mapulogalamu a pa laputopu lero. Bokosi loyamba limabala mawu osakonza, kulira kosalekeza ngati kwa njuci. Laciwiri limasefa, monga mmene sefa imalekanitsira ufa ndi misere: likacotsa mawu akuthwa, kumatsala kulira konenepa kwa besi. Lacitatu limalamula mmene noti iyambira ndi mmene ithera, kaya igunde n'kuzimiririka msanga ngati ya kalimba, kapena ikule pang'onopang'ono ngati ya citoliro. Luso la Moog linali lakuti bokosi lina lizilamula linzake ndi magetsi. Anaikaponso kiyibodi. Don Buchla wa ku California, amene anali kupanga makina ofanana nthawi yomweyo, anakana kiyibodi poopa kuti anthu adzangoimbapo nyimbo zakale. Oimba ambiri anatsata Moog.

Mu 1968 Wendy Carlos anatulutsa cimbale ca Switched-On Bach, nyimbo za Bach zoimbidwa pa Moog. Makinawo anali kulira noti imodzi pa nthawi, conco anajambula mzere ndi mzere n'kusanjikiza. Cimbaleco cinapata mphoto zitatu za Grammy. Komabe Moog yaikulu inali yodula ndi yovuta kunyamula, ndipo malonda anayamba kutsika. Wanchito wina wa pa kampaniyo, Bill Hemsath, anatolera zidutswa zotayidwa n'kumangirira kasinthesaiza kakang'ono pa nthawi yake yopuma. M'menemo ndimo munacokera Minimoog ya mu 1970, yotheka kuinyamula m'manja kupita nayo pa siteji. Stevie Wonder anaumba mawu a zimbale zake Talking Book ndi Innervisions pa sinthesaiza yaikulu yochedwa TONTO, ndipo mu 1977 Donna Summer ndi Giorgio Moroder anatulutsa I Feel Love, nyimbo ya disiko imene pafupifupi zoimbira zake zonse zinali Moog.

Mantha a oimba

Oimba zoimbira zamanja anaona kumene mphepo inali kulowera. Ku America, bungwe lawo linaletsako Moog kwa kanthawi pa nchito zina za mu situdiyo. Ku Britain mu 1982, nthambi ya ku London ya bungwe la oimba inavota kuti masinthesaiza aletsedwe, Barry Manilow atayenda m'dzikolo ndi makiyibodi m'malo mwa gulu la oimba mavayolini. N'kosavuta kuwaseka lero, koma mantha awo anali ndi maziko. Nchito ya anthu 20 ikagwiridwa ndi anthu awiri, mabanja 18 amagona ndi njala. Cimene sanathe kuona n'cakuti makina amene adzasinthe kwambiri nyimbo sadzakhala odula otsanzira vayolini aja. Cakudza siciimba ng'oma.

Salaula wa makina

Mu 1980 kampani ya ku Japan ya Roland, ya Ikutaro Kakehashi, inatulutsa TR-808, bokosi loimba ng'oma, pa mtengo wa madola 1,195. Akatswiri analinyoza. Makina ena ochedwa Linn LM-1, a madola pafupifupi 5,000, anali ndi mawu a ng'oma zenizeni ojambulidwa, pamene 808 inali kupanga mawu ake ndi magetsi ndipo siinali kumveka ngati ng'oma iliyonse. Roland inapanga pafupifupi 12,000 n'kuleka. Mabokosiwo anatsikira m'masitolo a zinthu zogwiritsidwapo kale nchito, salaula wa kumeneko, pa mtengo woti mnyamata wa ku Bronx, Detroit kapena Miami angakwanitse.

Anyamatawo sanali kufuna ng'oma yeniyeni. Anapeza kuti ukatembenuza kabatani kamodzi, ng'oma yaikulu ya 808 imagunda n'kupitiriza kulira pansipansi mpaka mawindo kunjenjemera. Cimene akatswiri anaciona ngati cilema ndico cinakhala cuma cake. Mu 1982 inamveka mu Planet Rock ya Afrika Bambaataa ndi mu Sexual Healing ya Marvin Gaye, ndipo kucokera apo hip hop siinaisiyenso. Opanga mabiti a ku Matero akamati "ikamo 808", akuchula dzina la makina amene analephera pamsika iwo asanabadwe. Mnzake wa 808, TB-303, anapangidwa kuti azitsanzira gitala ya besi, nalephera cimodzimodzi, mpaka gulu la Phuture la ku Chicago linapotokola mabatani ake n'kutulutsa Acid Tracks mu 1987, ciyambi ca mtundu watsopano wa nyimbo zovina.

Nkhani ya ku Jamaica ndiyo yoyandikana kwambiri ndi moyo wa m'komboni. Mu 1980 kampani ya Casio inalemba nchito Okuda Hiroko, mtsikana amene anali atangomaliza maphunziro a nyimbo ku Tokyo ndipo anali wokonda reggae. Anapatsidwa nchito yopeka timabiti tokhala kale m'kakiyibodi ka panyumba, Casiotone MT-40. Kamodzi mwa ito kanalembedwa kuti "rock". Zaka zingapo pambuyo pake, kakiyibodi kotero kanafika m'manja mwa Noel Davey ku Waterhouse, komboni ya mu Kingston. Iye ndi woimba Wayne Smith anakapeza kabiti kaja, napita nako kwa Prince Jammy, amene pambuyo pake anachedwa King Jammy. Jammy anakacepetsa liwiro, nawonjezera kuwomba m'manja ndi piyano. Nyimbo yake, Under Mi Sleng Teng, inatuluka mu 1985, ndipo oimba mazanamazana anaimbapo pa biti yomweyo.

Davey sanapeke manoti amenewo. Anali m'makina kale, ndipo anthu ambirimbiri anali nako kakiyibodi komweko m'nyumba zawo. Cake cinali khutu: anamva dancehall pamene fakitale inalemba kuti rock. Kucokera caka cimeneco, mnyamata wa mu Kingston sanafunikenso bandi ndi situdiyo yodula kuti atulutse nyimbo. Ndiponso kucokera caka comweco, oimba ng'oma ndi besi ambiri amene anamanga reggae anayamba kusowa owaitana.

Kufika kwathu

Mu Africa munali anthu amene sanadikire kuuzidwa zocita ndi makinawa. Francis Bebey wa ku Cameroon anasiya nchito ku UNESCO mu 1974, n'kuyamba kujambula m'nyumba yake ku Paris, akusakaniza sinthesaiza ndi bokosi la ng'oma pamodzi ndi sanza, imene ife timati kalimba. Ku Enugu m'dziko la Nigeria, William Onyeabor anamanga situdiyo yake ndi fakitale yake yodindira zimbale, natulutsa nyimbo zodzala masinthesaiza pakati pa 1977 ndi 1985. Ku South Africa, nyimbo za bubblegum za Brenda Fassie, Yvonne Chaka Chaka ndi Chicco Twala, zimene makolo athu anavina pa maukwati, zinaimidwa pa makiyibodi ndi mabokosi a ng'oma, ndipo zinatsegulira njira kwaito.

Kuno ku Zambia, zaka za m'ma 1970 zinali za magitala a Zamrock: Paul Ngozi, Rikki Ililonga, Amanaz ndi WITCH. Koma pofika 1980 WITCH inali itatembenukira ku disiko, ndipo pa zimbale zake Movin' On ndi Kuomboka, makiyibodi a Patrick Mwondela ndiwo anali patsogolo. Zaka zotsatira zinali zowawa. Mtengo wa kopa unali utagwa, zoimbira zocokera kunja zinadula, makaseti okopera mwakuba anadya phindu la oimba, ndipo Edzi inatenga ambiri a iwo. Pamene nyimbo za Zambia zinadzukanso cakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ndi oimba a Mondo Music monga Daddy Zemus, Black Muntu ndi JK, zinadzukira m'masitudiyo aang'ono a kiyibodi ndi kompyuta. Pa cuma ca nthawiyo, kulipira bandi yathunthu pa nyimbo iliyonse kukanatsekera ambiri kunja.

Ulendo wa log drum

Ulusi wina womaliza umayambira ku yunivesite ya Stanford mu 1967. Wopeka nyimbo John Chowning anali kuyesa pa kompyuta kunjenjemeretsa noti imodzi ndi inzake. Atawonjezera liwiro kwambiri, kunjenjemerako kunaleka kumveka, m'malo mwake kunatuluka mawu atsopano, ena ngati belu, ena ngati ng'oma yamtengo. Njirayi imachedwa FM. Makampani a malimba a ku America sanaifune. Yamaha ya ku Japan ndiyo inaitenga, ndipo mu 1983 inatulutsa DX7, imene inagulidwa kuposa sinthesaiza iliyonse isanabwere iyo. Koma kupanga mawu akoako pa DX7 kunali kovuta, conco oimba ambiri anangogwiritsa nchito amene anabwera nayo. N'cifukwa cake nyimbo zambiri zacikondi za m'ma 1980 zili ndi piyano imodzimodzi yolira ngati galasi.

Patapita zaka zambiri, kapulogalamu kakang'ono ka FM kochedwa Fruity DX10 kanali m'kati mwa FL Studio, anthu ambiri osakalabadira. Opanga mabiti a m'makomboni a ku Gauteng anatenga mawu ena a m'menemo, nawatsitsa, nawanenepetsa, mpaka anakhala log drum ya amapiano, besi yogunda ngati ng'oma imene lero ikugwedeza Lusaka, Lagos ndi London. Chowning sanali kuganiza za kuvina pamene anali kusewera ndi manambala ake.

Ndiye akuluakulu aja akamati nyimbo za lero ndi makina cabe, pali mbali imene akunena zoona. Mabandi acepa, oimba ng'oma aluso akusowa nchito, ndipo biti ikangotengedwa pa intaneti n'kuikidwa mawu pamwamba, nyimbo khumi zimamveka ngati imodzi, monga zinacitikira ndi piyano ya DX7. Koma kalindula imene amaikumbuka nayonso inayambira pa zotola: babatoni wa cikumba, mtengo ndi zingwe, banjo ya cigubu ndi waya. Amene anapanga cigubu sanali kuganiza za nyimbo. Laputopu ya m'kacipinda ka lendi ili ndi mphamvu zoposa makina onse a Cahill, Moog ndi Roland kuphatikiza pamodzi, ndipo mapulogalamu ake ndi omwewo amene ali ku Atlanta ndi ku Pretoria. Cimene kulibe kumeneko ndi kagundidwe ka ng'oma za vimbuza, za Nyau ndi za kalela, ndi makutu amene anakula akuzimva.